Tsache Liyambe, Guwa Pambuyo

Chaka cha 1881 chidapeza amishoni a Livingstonia atatopa. Adafika ku Cape Maclear mu 1875, pagombe lokongola koma la malungo osaneneka, ndipo pofika nthawiyi manda a anzawo adali atayamba kundanda pafupi ndi nyumba zawo. Zaka zonsezo za kulalikira ndi kuphunzitsa zidabala munthu mmodzi yekha wobatizidwa, Albert Namalambe, m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Patangopita miyezi yowerengeka, Dr Robert Laws ndi anzake adalongedza katundu n'kusamukira ku Bandawe. Malo akalewo, ndi sukulu yake ndi mapemphero ake, adasiyira Namalambe.

Mabuku a mbiri ya mpingo amathera masamba ambiri pa Laws, ndipo m'pomveka, chifukwa munthuyu adakhala m'dziko muno zaka zoposa 50, namanga sukulu ya ku Khondowe imene idasula atsogoleri ambiri. Koma ine mtima wanga umatsalira kugombe kuja, pa munthu amene anzake odziwa ntchito adamusiya, iwo n'kupita kumene kudali chiyembekezo. Iye adatsala pamalo amene ena adawaona kuti akanika. Sadavekedwe kolala. Adali Mkhristu wa miyezi yochepa chabe amene adasungitsidwa ntchito, ndipo adaisunga.

Masiku ano nkhani ya maitanidwe ili pakamwa pa aliyense. Achinyamata amafunsa abusa, amafunsananso okhaokha m'magulu a mapemphero kusekondale ndi kukoleji, kuti angadziwe bwanji ntchito imene Mulungu adawakonzera. Funsoli ndi labwino, ndipo sindifuna kuti wina aleke kulifunsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chithunzi chimene chimakhala m'mutu mwa wofunsayo. Kawirikawiri chimakhala cha munthu ataima kutsogolo, maikolofoni ali kukamwa, khamu likuvomera ndi mfuu. N'zimene timaona pazikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, n'zimenenso zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mnyamata amene adatembenuka mtima chaka chatha, chaka chino ndi mlaliki, chaka chamawa ndi mneneri, ndipo posakhalitsa wayamba kudzitcha mtumwi. Za mumtima mwake sindiweruza, amene amaonamo ndi Mulungu. Koma ndimafunsa kuti munthuyu adatumikirapo pansi pa yani. Ndani adamuona atapsa mtima, atashota, atatumidwa ntchito yosakoma, n'kumuchitira umboni kuti ameneyu ngokhulupirika?

Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu akafuna kukonza munthu amamupatsa ntchito yaing'ono, yakuseri, pansi pa munthu wina. Ndipo zaka zimenezo si zongotayitsa nthawi poyembekeza ntchito yeniyeni. Ntchito yeniyeniyo imakhala itayamba kale.

Baibulo silibisa zaka zoterezi. Mfumu Yehosafati itafunsa ngati padali mneneri wa Yehova pafupi, wantchito wina adatchula Elisa, ndipo chimene adamudziwitsa nacho chidali chakuti ankathirira Eliya madzi osamba m'manja. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa amene amagwira beseni alendo akamasamba m'manja nsima isanafike: ndi mwana kapena mtengwa, atagwada. Umboni wonse wa mneneri wamkuluyo udali umenewu, ndipo Yehosafati atangoumva sadafunenso wina. Yoswa ankatchedwa mtumiki wa Mose kalekale asanaolotse anthu pa Yordano. Mose mwini wake, woleredwa kunyumba ya Farao, adathamangira kuombola abale ake ndi dzanja lake, zidamukanika, nakathera zaka 40 akuweta nkhosa za apongozi ake ku Midiyani. Paulo atakumana ndi Ambuye panjira ya ku Damasiko adapita ku Arabiya, pambuyo pake adakakhala kwawo ku Tariso, mpaka Barnaba adachita kukamufunafuna kuti adzathandize ku Antiokeya. Ngakhale Ambuye Yesu, amene adalibe cholakwa choti awongoledwe, adafika zaka ngati 30 anthu a ku Nazarete akumudziwa monga mmisiri wa matabwa.

Koma nkhani imene imandigwira mtima koposa ili pa Machitidwe 6. Mumpingo wa ku Yerusalemu mudabuka dandaulo lakuti amayi amasiye olankhula Chigriki ankadumphidwa pogawa chakudya. Tinene kuti idali nkhani ya ufa ndi ndiwo, yomwe mpaka lero imayambanitsa anthu pamaliro ndi pamsonkhano wa misasa. Atumwi sadanene kuti kugawa chakudya angathe wina aliyense. Adauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri odziwika ndi khalidwe, anzeru, amene Mzimu adawadzaza, ndipo adawasanjika manja. Ogawa chakudya amenewo! Pakati pawo padali Stefano, woyamba kufera Khristu, ndi Filipo amene adakalalikira ku Samariya nabatiza nduna ya ku Etiopia. Mpingo udawazindikira ali pamtanga wa chakudya, ndipo muyeso umene udagwiritsidwa ntchito pamtangapo sudali wotsika poyerekeza ndi wa paguwa.

Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dedza safuna kumufotokozera zambiri pankhaniyi. Ntchito yowawa kwambiri ya m'munda imagwiridwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kusosa ndi kukweza mizere m'dothi louma gwa, popanda kanthu kobiriwira koti kasangalatse maso. Odutsa m'njira saima kuti ayamikire mizere. Koma mvula yoyamba ikagwa, m'pamene wosakonzeka amayamba kuthamanga ndi khasu anzake akubzala, ndipo chimanga chake chimakhala m'mbuyo mpaka kukolola.

Kumlaga kwathu kudali mkulu wa mpingo wina amene sindidzamuiwala. Ulaliki wake sudali wokoka anthu, mawu ankawachita kusakasaka, ndipo ana tinkadziwa kuti akaima iwo mapemphero atalika. Koma Lamulungu lililonse ankafika tambala atangoleka kulira, kusesa m'kachisi, kukonza pokhala, n'kuimba belu lathu, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango. Chopereka sankawerenga yekha. Ankaitana anthu awiri, kuwerengera pamaso pawo, kulemba m'kope, onse n'kusayina. Akamva kuti wina wadwala, pofika madzulo njinga yawo yakapalasa idali itatsamira kale pakhonde la wodwalayo. Chinthu chimodzi chimene ndidachizindikira nditakula n'chakuti mkuluyu ankasula anthu mwadala. Ankasankha mnyamata kapena mtsikana n'kumuuza kuti sabata yamawa ndiwe uwerenge Mawu. Loweruka madzulo ankamuitanira pansi pa mtengo uja kuti awerenge mokweza, iwo ali chikhalire patali. Ukameza mawu, ankakubwezera poyambira. Ukathamanga, ankati, “Mwanawe, agogo ako akumbuyo aja nawonso abwera kudzamva.” Akatero ankakufunsa kuti zimene wawerengazo zikutanthauzanji, ndipo ukalephera kuyankha ankakhala nawe mpaka mdima. Aphunzitsi, anamwino ndi akulu a mpingo angapo amene akutumikira lero adayambira pansi pa mango amenewo. Dzina la mkuluyu silidalembedwe pamwala wa maziko uliwonse.

Pamenepa m'pamene ndimaonera kuti kukonzekera kuli ndi mbali imene ambiri timaizemba, ndiyo kuphunzira. Pali kamzimu kena kamene kafala kakuti wodzozedwa safunika kuwerenga, akangotsegula pakamwa Mzimu amupatsa zonena. Ndimakhulupirira kuti Mzimu amapatsadi mawu, makamaka kwa amene aimikidwa pabwalo la milandu chifukwa cha dzina la Ambuye, pakuti lonjezolo lidaperekedwa kwa otero. Koma silidaperekedwe kuti likhale pobisalira ulesi wa munthu amene adali ndi sabata yathunthu yoti akonzekere. Za Ezara timamva kuti adayamba n'kusanthula chilamulo, kenaka kuchichita, kuphunzitsa ena n'kubwera pomaliza. Ife timakonda kuyambira kumapetoko. Buku Lopatulika lonse lidatuluka m'chinenero chathu mu 1922, patapita zaka zambiri William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzake, pamodzi ndi Amalawi amene ankawauza mawu oyenera, akulimbana ndi vesi lililonse. Anthu adatha maso kuti ife tiwerenge. N'zomvetsa chisoni kuona mlaliki amene sadawerengepo buku limodzi la m'Baibulo kuyambira poyamba mpaka potsiriza, koma ali ndi mavesi khumi a madalitso amene amangowatembenuzatembenuza chaka chonse. Nkhosa zodyetsedwa chotero zimaonda, ndipo zikakumana ndi matenda, imfa kapena ulova zimasowa pogwira, chifukwa palibe adaziphunzitsa za Yobu kapena za Yeremiya. Si onse angapite ku sukulu ya zaubusa ya ku Zomba kapena ku seminale ya Kachebere. Koma kalasi ilipo, katekisimu alipo, maphunziro a TEEM amafika kwa anthu ali kwawo, ndipo pafupifupi mumpingo uliwonse muli gogo wina amene adaliyenda Baibulo n'kulibwereza, amene angakondwe wina atamufunsa.

Ndisamveke ngati ndikuti munthu adzitsekere m'nyumba ndi mabuku mpaka adzamve kuti wapsa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. David Clement Scott amene adatsogolera ntchitoyo sadaphunzire zomangamanga, ndipo amuna amene adaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja adali asanamangepo nyumba yotero. Adaphunzirira pantchito pomwepo, ndipo nyumbayo ilipo mpaka lero, anthu akupempheramo. Kupempherera wodwala kumaphunziridwa pambali pa mphasa ya wodwala, utatsagana ndi amene adazolowera. Kutonthoza ofedwa kumaphunziridwa pasiwa, usiku, utakhala chete n'kumamva mmene akuluakulu akuyankhulira ndi pamene akusiyira kuyankhula. Munthu amene akuti akukonzekera utumiki koma sapezeka pamaliro a m'dera lake, sindidziwa kuti akukonzekera chiyani.

Tsopano pali mbali ina imene sindingaidumphe, chifukwa nkhani ya kudikirayi idagwiritsidwapo ntchito popondereza anthu. Charles Domingo adali mmodzi wa ophunzira anzeru kwambiri a Laws. Adamaliza maphunziro a zaubusa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma zaka zidapita amishoni akumuuza kuti ayembekeze, mpaka adatopa nachoka. Livingstonia idadzoza abusa ake oyamba achikuda mu 1914, pamene Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa adasanjikidwa manja, patatha zaka pafupifupi 40 chifikireni mishoniyo. Ku Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta adali mmodzi wa madikoni amene Scott adawasankha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, adakatumikira pakati pa Angoni ku Nthumbi, koma ubusa adaulandira mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. Sindingathe kunena kuti kuchedwa konseku kudali sukulu ya Mulungu. Mbali yaikulu idali kukayikira kwa azungu amene sankakhulupirira kuti munthu wakuda angaimirire payekha. Matecheta adapirira ndipo ndimamulemekeza. Domingo adachoka, ndipo sindimuponya mwala. Mlandu uli pa amene adatseka chitseko.

Chitseko chomwecho chikutsekedwabe lero, ndipo otseka ake ndife eni dziko. Alipo akulu a mpingo amene agwira udindo umodzi zaka makumi awiri, osaphunzitsa wina aliyense, ndipo wachinyamata akafunsa funso pabwalo amamuyankha kuti akadali mwana. Alipo amayi odziwa Mawu kuposa amuna onse a m'mudzimo amene ntchito yawo imathera kukhitchini pa tsiku la Mgonero. Kenaka timadabwa achinyamata akamakhamukira kwa aliyense amene wawapatsa maikolofoni. Eliya sadangolandira madzi a m'manja kwa Elisa moyo wake wonse, adayenda naye, namusiyira chofunda chake. Mkulu amene amauza ana kuti adikire koma osawapatsa kanthu koti agwire, akuteteza mpando wake, ndipo asanamizire Mulungu.

Kukhulupirika nakonso kuli ndi poyesera pake, ndipo kwa ife poyesera pamene ambiri tagwera ndi pandalama. Paulo adasonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu kuchokera kumipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya. Adali mtumwi, akadatha kunena kuti mundikhulupirire. M'malo mwake, m'kalata yachiwiri kwa Akorinto akufotokoza kuti ndalamazo zidzayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena, chifukwa ankafuna kuti zinthu zikhale zoyera pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu omwe. Ngati Paulo adafuna mboni, msungichuma wa kwaya angakwiyirenji anzake akamufunsa lisiti? Timachita Pepa Sande, timasonkha za masika, timapereka chakhumi, amayi amagulitsa nkhuku kuti denga la tchalitchi likhomedwe. Ndalama imeneyo ndi thukuta la osauka. Mtsogoleri amene amayankha funso la ndalama ndi mawu akuti musakhudze wodzozedwa, waiwala kuti kudzozedwa kumaonjezera zimene munthu adzafunsidwe.

Ndipo nkhaniyi sithera pakhomo la tchalitchi. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa Amalawi anayi alionse, oposa atatu amadzitcha Akhristu. Komabe mu 2013 dziko lino lidadzidzimuka ndi nkhani ya Cashgate, pamene mabiliyoni a ndalama za boma adatuluka ku Capital Hill polipira katundu ndi ntchito zimene sizidachitike. M'dziko la Akhristu ochuluka chotere, n'zosatheka kuti manja onse amene adasayina mapepalawo adali a anthu osapemphera. Penapake tidaphunzitsana kuti ntchito ya Mulungu ndi ya Lamulungu, ndipo kuyambira Lolemba munthu amadziyendera. Chikhalirecho Yosefe adatumikira Mulungu m'nkhokwe za chakudya za ku Igupto, Danieli mu ofesi ya mfumu yachikunja, kumene adani ake adafufuza ntchito zake zonse osapeza pomugwirira, Nehemiya ndi chikho cha mfumu m'manja. Mphunzitsi wa kumudzi amene amalowa m'kalasi pa nthawi yake ngakhale malipiro achedwa, namwino amene amayankha mayi wobereka mwaulemu pakati pa usiku, wogula mbewu amene sakhotetsa sikelo, kalaliki amene amasayina fayilo ya munthu wosauka osayembekeza ya fanta, onsewa ali pantchito imene Mulungu adawapatsa. Ambiri mwa ofunsa za maitanidwe awo ali kale pakati pa maitanidwewo, akungoyang'ana kwina.

Sindinama, kutumikira kotereku n'kolemetsa. Amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, ndi amayi a m'miphakati ya Akatolika, ndiwo anyamula mpingo wa m'dziko lino pamsana. Ndiwo amasambitsa odwala, amagona pasiwa, amatunga madzi pamaliro, amasonkha ufa wa ana amasiye. Pamwambo waukulu mayina awo satchulidwa, amatchulidwa a mlendo wolemekezeka amene wabwera ndi envulopu. Alipo amene atumikira chotero mpaka msana kupindika, ndipo atadwala iwo, mpingo udachedwa kukawaona. Zimenezi zimapweteka, ndipo kungowauza kuti mphotho yawo ili kumwamba pamene ife tikadatha kuwathokoza pansi pompano ndi kuzemba udindo. Mulungu saiwala, zimenezo n'zoona ndipo ndi zimene zimawalimbitsa. Koma Paulo yemweyo potsiriza kalata yake kwa Aroma adatchula anthu mmodzimmodzi, kuyambira ndi Febe, mayi wotumikira mumpingo wa ku Kenkreya, natchulanso amayi ena amene adagwira ntchito molimbika. Ngati mtumwi adapeza malo a mayina amenewo m'kalata yozama chotere, zolengeza zathu za Lamulungu sizingalephere kuwapezera malo.

Munthu wokhulupirika amafunikanso kudziwa popumira. Ndaona atumiki abwino akupsa ndi ntchito chifukwa chosakana kalikonse, ali m'komiti iliyonse, ana awo kunyumba akukula osawadziwa. Yetero adauza Mose mosapsatira kuti akapitiriza kuweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo adzalefuka, iye ndi anthu omwe, ndipo adamulangiza kugawa ntchito. Banja nalonso ndi ntchito yochokera kwa Mulungu, ndipo ili m'gulu la zoyamba kuyang'anidwa pamene Paulo akulembera Timoteo za woyenera kuyang'anira mpingo.

Tsono kwa inu achinyamata amene mtima ukutentha, moto umenewo musauzimitse, ngwochokera kwa Mulungu. Pitani kwa abusa, kwa ansembe kapena kwa mkulu wa dera lanu sabata ino, mukafunse ntchito imene ikusowa munthu. Mwina adzakupatsani ana a Sande sukulu, mwina tsache, mwina gogo wakhungu woti muzikamuwerengera Mawu Lachitatu lililonse. Landirani, mugwire chaka chathunthu osajomba, ndipo mulole wina azikudzudzulani. Inunso akuluakulu, abambo ndi amayi athu mu Ambuye, mwana akabwera chotero musamubweze chimanjamanja. Mpatseni ntchito yeniyeni, muonetseni kope la chopereka ndi mmene limalembedwera, mutengeni popita kwa odwala, ndipo ikafika nthawi yoti aime kutsogolo, musunthe mumupatse malo.